Ulusi Wakuda pa Kalarineti ya Malemu

Ine ndimakonza zoimbira: malipenga, zitoliro, chilichonse chimene munthu amauzira mpweya kuti chilire. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa bambo anga, ndipo pamsewu wathu aliyense amangonditchula kuti Amisiri. Sindine wapolisi ayi, ndipo yunifolomu singandikhale. Koma mayi ukatha zaka makumi atatu ukusuzumira m'kati mwa zinthu zimene eni ake akulumbira kuti sanazigwetse, bodza umalimva likadali pakhomo.

Lachinayi limenelo ndinali ndisanamwe n'komwe tiyi pamene mpongozi wa aneba anga analowa mushopu atanyamula sutikesi. Mtsikana ameneyu ndi telala wa manja abwino, ndipo amayamba kuseka nthabwala isanathe. Anakwatiwa m'nyumba yoyandikana ndi shopu yanga zaka ziwiri zapitazo. Tsiku limenelo maso anali atatupa.

"Amisiri, ndabwera kudzatsanzika. Ndikwera basi ya folo koloko, ndikubwerera kwa makolo anga."

"Tayamba wakhala pansi. Walakwa chiyani?"

"Amayi akuti ndine wakuba. Akuti ndaba theka la chitoliro cha malemu apongozi."

Mulungu andikhululukire, ndinaseka. Wakuba njinga ndamuonapo, wakuba mabatire ndamuonapo, koma woba theka la chitoliro n'kusiya theka linalo anali wachilendo kwa ine. Mtsikana uja sanaseke nawo, ndiye ndinameza kusekako n'kumuthirira tiyi.

Anafotokoza akupotokola kansalu m'manja. Dzulo lake kunabwera bambo wina wovala jekete yoyera, wogula zinthu zakale. Anapempha kuona kalarineti ya malemu, chitoliro chakuda chachitali chokhala ndi timabatani tasiliva, chimene chakhala m'bokosi pamwamba pa kabati chimwalirireni mwini wake. Atachiyang'ana ananena kuti chigawo chakumunsi si chake, wina anachotsa chenicheni n'kuikapo chowonongeka.

"Nanga iwe ukulowamo bwanji?"

"Chigawo chimenecho n'chokulungidwa ndi ulusi. Ndiye m'nyumba muja wogwira ulusi ndani?"

"Bokosilo unalitsegulapo?"

"Kamodzi, nthawi ya mvula, chifukwa linayamba nkhungu. Ndinalipukuta, ndinaliyanika pawindo, ndinalitseka. Ulusiwo ndinauona, koma ndinkayesa ndi mmene zimakhalira."

"Amuna ako akuti bwanji?"

"Ali paulendo ndi lole, abwera Loweruka, ndipo foni yawo sikugwira. Ine sindingagone m'nyumba imene ndikadutsa pafupi ndi kabati munthu akundilondola ndi maso. Amayi ndimawakonda, Amisiri, n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi."

Ndinayang'ana wotchi. Inali itangokwana teni koloko. Ndinamuuza kuti andiyang'anire shopu, asagulitse chilichonse, ndipo asachoke ndisanabwere.

"Hafu pasiti fili ikakwana ndinyamuka," anatero. "Ndakuuziranitu."

*

Aneba anga ndi mayi wamtima wabwino, koma pakamwa pawo palibe buleki, ndipo chibadwireni sanapepesepo munthu. Ndinawapeza pabalaza atakhala moyang'anizana ndi makina osokera a mpongozi wawo, ngati makinawo awayankha mwano.

"Mwachita bwino kubwera, aneba, muone nokha. Ine mtsikana ameneyu ndinamutenga ngati wobereka ndekha. Akadwala amamuphikira ndani? Ine. Makasitomala ake akabwera iye kulibe, amawakhazika pansi ndani? Ine ndemwe. Ndiye lero chinthu chimodzi chokha chimene malemu anandisiyira..."

"Tatsitsani bokosilo tione."

Chinthu chakale sitiyamba ndi maso, timayamba ndi mphuno. Nditatsegula bokosi lachikopalo munatuluka fungo la mafuta akale ndi fumbi, fungo limene achinyengo onse amalephera kupanga. Zigawo zisanu zinagona m'malo mwake pa nsalu yobiriwira yosuluka. Ndinanyamula chakumtunda. Chinali chosemedwa ku mtengo wa phingo, cholemera, chozizira m'manja, ndipo timabatani take tinali tosulidwa pamanja, kunsi kwake kukuonekabe mmene tupa inadutsira. Chapamwamba panali chidindo cha amene anachipanga, kambalame kataima pa nangula. Chidindo chimenechi bambo anga anandionetsapo kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo anavula chipewa. Amisiri amene ankadinda kambalameka anatseka shopu yawo zaka zoposa zana zapitazo. Mtima wanga unayamba kuvina, koma nkhope ndinaiumitsa, chifukwa aneba akakuona ukumwetulira amayesa wagwirizana nawo.

Wopanga chitoliro chotere amadinda nambala imodzi pa zigawo ziwiri zikuluzikulu, kuti zidziwike kuti n'za thupi limodzi. Nambala zikafanana, chinthucho n'chamtengo wapatali. Zikasiyana, ogula amapotoza milomo. Chakumtunda chinali ndi 2186. Chakumunsi chinali ndi 2190.

"Mwaona?" anatero aneba. "A Jekete aja sananame."

"Pa nambala sananame."

Koma chakumunsicho chinalinso ndi kambalame komweko, mtengo womwewo, dzanja lomwelo. Zinangosiyana manambala anayi, ndiye kuti zinasemedwa pabenchi imodzi, mwinanso sabata imodzi. Mtsikana wosoka madiresi akachipeza kuti chinthu chotere choti asinthanitsire? Ine mwini ntchito ndinali ndikuchiona kachiwiri moyo wanga wonse. Chakumapeto kwa chigawocho kunali ulusi wakuda wokulungidwa mothinana, malo otalika kuposa chala, wopakidwa phula.

"Tandiuzeni zimene ananena bamboyo, mawu ake enieni."

"Anati, 'Mayi, pepani, akuberani. Pansi pa ulusiwu pali mng'alu wautali ngati chala. Amene wachita izi ndi munthu wozolowera singano.' Atatero anayang'ana makina awo. Kenako anati chitoliro chosakaniza chilibe ntchito, koma poti ndine mkazi wamasiye andichitira chifundo, andipatsa yogulira mipando iwiri yapulasitiki. Abweranso faifi koloko lero."

"Munachita kumuitana?"

"Ayi, anangogogoda."

"Nanga inu ulusiwu munali musanauonepo?"

"Ine ndi chitoliro ichi sitinkamwerana madzi. Malemu anasiya kuimba mwana wathu asanabadwe. Ankangochitsitsa Lamlungu n'kudzitsekera nacho kuchipinda, kuchipaka mafuta. Ine ndikayang'anemo chiyani?"

Ndinapempha machesi ndi sosala. Ndinadula kansonga ka ulusi wa pachitoliro, n'kudulanso wakuda wa pamakina a mpongozi. Wa pamakina utagwira moto unakwinyika n'kusanduka kampira kolimba konunkha pulasitiki. Wa pachitoliro unayaka pang'onopang'ono, kununkhira phula la njuchi, n'kusiya phulusa loyera.

"Uwu si ulusi wa telala, aneba. Ndipo taonani phulali, lauma mpaka kuchita timing'alu. Zaka ziwiri sizingaumitse phula chonchi."

"Mwina anakagula wakale," anatero ataumitsa khosi. Makani a mayi amene uja ungakhomere msomali.

Ndinakweza chigawocho kuwindo n'kusuzumira m'kati. Munali mdima bii, mafuta a zaka zambiri atamata paliponse. Ndinayatsa katochi kanga, ndipo ngakhale ndi tochi zinanditengera kanthawi kuti ndione kamzere kowonda ngati tsitsi.

"A Jekete anuwo anamasula ulusiwu?"

"Ayi."

"Anaunika m'kati ndi tochi?"

"Ayi, anangochitembenuza kawiri, n'kuchiyang'ana ndi kagalasi kawo."

"Nanga anadziwa bwanji kuti pali mng'alu, mpaka kutalika kwake?"



*

Ulusi wopaka phula umapezeka kwa osoka nsapato, ndipo malemu amuna a aneba ntchito yawo inali imeneyo. Benchi yawo ikadalipo pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo amakhalapo ndi mnzawo amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, mkulu amene timamutchula kuti a Chidendene. Nditanena kuti ndikupita kumeneko, aneba anakana kutsala. Anavala nsapato zawo zakutchalitchi, anatenga ambulera, bokosi n'kulikumbatira pachifuwa.

A Chidendene amalankhula ngati mawu amachita kugula. Tinawapeza atadzaza timisomali pakamwa.

"Madala, tayang'anani ulusi uwu."

Anauyang'ana, anaununkhiza, anakanda mfundo yake ndi chikhadabo.

"Wathu."

"Wanu wa ndani?"

"Wa nsapato. Wakale. Saupanganso."

"Nanga mfundoyi?"

Analavulira timisomali m'dzanja, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yakula.

"Ya malemu. Anali wamanzere. Kuzunguliza chobwerera, kawiri, nsonga kubisa pansi. Ndinayesa zaka teni. Ndinalephera."

"Mfundo ndi mfundo basi," anatero aneba. "Munthu angadziwe bwanji?"

A Chidendene anangoloza ndi nyundo kumapazi kwa aneba.

"Lamba wa nsapato yanuyo anasoka ndani?"

Aneba anawerama. Pamene lamba anadukapo kalekale panali ulusi wakuda, wozunguliza chobwerera, kawiri, nsonga yosaoneka. Anavula nsapatoyo n'kuiika pambali pa chitoliro. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anakhala pabenchi ya makasitomala osauzidwa.

"Ndiye kuti anasintha okha? Chifukwa chiyani?"

"Funsani Mapapo."

"Wosokosera uja akadali moyo?" anatero aneba, n'kutembenukira kwa ine. "Ndi mnzawo wa malemu wa kubandi. Pa ukwati wathu anaimba mpaka abusa anagwira makutu."

"Ali moyo," anatero a Chidendene. "Kuseri kwa positi ofesi yaikulu. Chitseko chobiriwira."

Tikunyamuka ndinakumbukira funso lina. Ndinawafunsa ngati pabwerapo munthu masiku omwewa wofunsa za malemu.

"Lolemba. Jekete yoyera. Nsapato zodula, zidendene zotha mbali imodzi. Anafunsa nyumba ya mayiwa." Anabwezera timisomali pakamwa, ndipo mawu omaliza anatulukira pakati pa timisomalito. "Anati wachokera kwa Mapapo."

*

Minibasi inatikhalitsa pasiteji ola lathunthu ikudikira kudzaza, moti tinagogoda pachitseko chobiriwira thu koloko itadutsa kale. Anatsegula ndi nkhalamba yachifuwa chachikulu, yamazino anayi, yovala malaya amaluwa. A Mapapo atawazindikira aneba anatambasula manja onse awiri.

"Alamu anga! Zaka zonsezi munabisala kuti? Simunasinthe, nkhope ikadali yokalipa yomwe ija. Lowani, lowani, chotsani nyuzipepala pampandopo. Awa ndi ndani? Amisiri a zitoliro? Ndiye lero ndadzuka bwino. Mumwa tiyi? Shuga ndilibe, koma nkhani ndili nazo zambiri."

Ndinatsegula bokosi la malemu patebulo. A Mapapo atangoona ulusi uja anasiya kulankhula, zimene ndikukhulupirira sizinachitikepo chaka chimenecho. Analowa kuchipinda n'kubwera ndi bokosi lawo. Munali kalarineti inzake, kambalame komweko pa nangula. Ndinatembenuza zigawo zake. Chakumtunda chinali 2190, chakumunsi 2186.

"Mng'alu umenewo ndinapanga ndine," anatero. "Ziwirizi tinagula kwa mphunzitsi wathu wa bandi atakalamba, ine yanga, mnzanga yake. Ndiye kunamveka kuti kuhotela yaikulu akufuna woimba kalarineti mmodzi, ntchito ya mwezi ndi mwezi. Tonse awiri tinaitanidwa kukayesedwa. M'mawa wa tsikulo ine ndi phuma langa ndinaika chigawo ichi pampando, n'kukhalapo. Thupi lonseli, alamu. Ndinamva kuti thee, ndipo ndinalira ngati mwana."

"Ndiye malemu anatani?" anafunsa aneba ndi mawu aang'ono amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Anazula chake chakumunsi n'kundipatsa. Anati, 'Iwe uli ndi ana atatu ndipo kupatula kuuzira sudziwa kanthu. Ine ndili ndi nsapato.' Anatenga chosweka changa, kukachimanga ndi ulusi wake. Ntchito ndinaipeza, ndinaimba zaka makumi atatu ndi zinayi, ana onse anaphunzira. Kangapo konse ndinapita kukabweza, ankandithamangitsa. Ankati, 'Ndipo mkazi wanga asamve, angandidye wamoyo.'"

"Ndipo ndikanawadyadi," anatero aneba. Anaseka, misozi ili mbwembwembwe. "Ine zaka zonsezi ndinkayesa anasiya kuimba chifukwa ndinawakalipira za phokoso tsiku lina. Ndakhala nazo pamtima, osauza munthu."

"Inu? Munthu amene uja mukakalipa ankabwera kwa ine kudzaseka. Ankati nyumba yopanda mawu anu singagoneke."

Ndinawasiya apukute m'maso, kenako ndinafunsa za a Jekete. A Mapapo anawomba m'manja.

"Munthu waulemu kwabasi. Anabwera sabata yatha, anamva kuti ndili ndi chitoliro chakale. Anakhala pamene mwakhalapo maola atatu, ine ndikumufotokozera zonse, za mpando, za mng'alu, za ulusi. Masiku ano womvetsera nkhalamba ndani? Pomaliza anati mwatsoka changachi n'chosakaniza, chilibe ntchito, koma andipatsa yogulira wailesi yaing'ono. Akubwera kudzatenga fili koloko."

Apa zonse zinalumikizana. Munthuyo ankafuna kugula zitoliro ziwiri zosakaniza pamtengo wa zinyalala, akafika kwawo abwezere chigawo chilichonse kwa mwini wake, atuluke ndi ziwiri zenizeni. Kwa a Mapapo sanavutike, anangomvetsera. Koma aneba sakanagulitsa chinthu cha malemu chikadali chokoma m'maso mwawo, ndiye anayenera kuchidetsa kaye. Anaona makina osokera pabalaza, bodza n'kulipeza pomwepo. Zoti bodzalo lithamangitsa mwana wa eni pabanja, iye analibe nazo ntchito. Zimenezi ndi zimene zinandipsetsa mtima kuposa zonse.

Ndisanamalize kuwafotokozera, kunja kunamveka kugogoda kwaulemu.

A Jekete analowa akumwetulira, kachikwama m'khwapa. Kumwetulirako kunathera pakati pa chipinda ataona aneba atakhala pampando, ambulera ili pamiyendo, mabokosi awiri ali otsegula patebulo.

"Mayi, mwafika kuno? Dziko ndi laling'ono."

"Lachepadi," ndinatero. "Bambo, ine ndimakonza zitoliro, ndiye ndimakonda kuphunzira kwa akatswiri. Tandiphunzitseni, mng'alu wobisika pansi pa ulusi mumauona bwanji osamasula, osaunika?"

"Ndi luso la zaka zambiri, mayi. Diso limazolowera."

"Diso lomwelo ndi limene linaona kuti wasintha ndi telala, chikhalirecho madala awa anali atakuuzani kale kuti anamanga ndi wosoka nsapato?"

"Ine sindinatchule munthu aliyense."

"Munayang'ana makina," anatero aneba akuimirira pang'onopang'ono. "M'nyumba mwanga, mutamwa tiyi wanga, munayang'ana makina a mwana wanga."

Ndinatulutsa foni n'kumujambula kawiri, nkhope ndi jekete yomwe, n'kumuuza kuti chithunzicho chikafika kupolisi ndiponso kwa aliyense wokonza zoimbira amene ndimamudziwa, ndipo ndimawadziwa onse. Sanadikire kuti ndimalize. Ambulera inamupeza paphewa akulimbana ndi chitseko, ndipo anatsika masitepe atatuatatu. A Mapapo anaseka mpaka kutsokomola.

"Wandimvetsera maola atatu n'kuchoka chimanjamanja. Ndamumvera chisoni."

Kenako nkhalamba ija inatenga chigawo cha 2186 n'kuchiika m'manja mwa aneba.

"Mwini wake ankandithamangitsa nacho. Inu musandithamangitse."

Ndinalumikiza zigawo za malemu, chakumtunda ndi chakumunsi, ndipo zinalowana bwinobwino ngati zinasiyana dzulo. Ndinayang'ana zonse zimene timayang'ana: chidindo chili chowerengeka, nambala zikufanana, mng'alu palibe, timabatani tonse n'toyambirira, bokosi ndi lake lomwe. Ndinawauza aneba kuti kwa wogula woona mtima, chitoliro chimenecho chikhoza kufolera nyumba yawo yonse ndi malata atsopano n'kutsalako ya penti. Cha a Mapapo, ngakhale chili ndi mng'alu, nditachikonza chikhoza kugula mawailesi odzaza chipinda.

"Sindigulitsa," anatero aneba. "Denga lidonthe."

Ndi pamene ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali twente thu folo, kutatsala mphindi makumi awiri kuti basi inyamuke.

*

Ndinaimbira mpongozi uja, foni inali yothima. Ndinaimbira wogulitsa zipatso pafupi ndi shopu yanga, ndipo anandiuza kuti mtsikanayo watseka shopu, wamusiyira kiyi, wapita ndi sutikesi yake. Mawu ake anasunga, hafu pasiti fili yeniyeni.

Tinagwira takisi, ine, aneba ndi a Mapapo amene anakana kutsala, chitoliro cholumikiza chili m'manja. Kudepoti tinafika kutatsala mphindi zisanu. Mabasi anali oposa khumi, onse akulira, anthu ali pikitipikiti, ogulitsa madzi akukuwa. Aneba sankadziwa basi yake, ine sindinkaidziwa, ndipo mawindo ambiri anali ndi makatani.

"Tiyambira iti?" anafunsa aneba. Ndinaona kuti akuopa zenizeni.

A Mapapo ananyowetsa kabango ka pakamwa pa chitoliro, anakwera pa kreti ya zakumwa, anakoka mpweya umene unandionetsa kumene dzina lawo linachokera, n'kuuzira. Mawu oyamba anatuluka ngati chitseko chosowa mafuta, chifukwa timabatani tina tinkataya mpweya. Achiwiri anatuluka oyera, akuya, okoma mwakuti ine, amene ndamva zitoliro moyo wanga wonse, tsitsi linandiimirira. Anaimba nyimbo yovina yachikale, ndipo ogulitsa madzi anasiya kukuwa. Makatani anayamba kutseguka basi ndi basi, mitu ikusuzumira. Pabasi yachitatu, windo lachinayi, panatuluka mutu umene tinkaufuna.

Aneba anathamanga. Mayi wa zaka zimenezo, nsapato zakutchalitchi, ambulera m'manja, anathamanga n'kukaima pansi pa windolo. Dalaivala anali ataliza kale hutala.

"Mwana wanga, tsika."

"Nditsikirenji, Amayi?"

"Nkhani ija yatha. Amisiri apeza zonse. Anasintha ndi malemu okha, kalekale, iwe usanabadwe n'komwe. Tsika tizipita, kunyumba kulibe wophika."

Mtsikana uja anayang'ana kwa ine, ine ndinagwedeza mutu kuti n'zoona. Ndinaona mapewa ake akutsika, koma sanasunthe pampando.

"Ndamva, Amayi, ndipo ndasangalala kuti chitoliro chapezeka. Koma dzulo simunati chitoliro chasowa. Munati ndine wakuba."

Anthu onse a m'basi anatchera khutu. Ngakhale kondakitala anasiya kumenya chitseko. Aneba anayang'ana pansi, anayang'ana ambulera, anayang'ana kwa ine ngati ndingawalankhulire. Ine ndinayang'ana kumwamba. Ntchito yanga inali itatha, iyi inali yawo.

"Ndinakulakwira," anatero chapansipansi.

"Injini ikusokosera, Amayi, sindinamve."

Mayi wina wa pampando wakumbuyo anauza dalaivala kuti athimitse kaye, ndipo dalaivalayo, munthu wokonda nkhani, anathimitsadi. Aneba anakoka mpweya, n'kulankhula ndi mawu awo onse aja amene amamveka misewu itatu.

"Ndinakulakwira, mwana wanga. Sunabe kanthu. Ndinamvera mlendo wa jekete n'kukusiya iwe amene umandisisita miyendo ikatupa. Pepa. Ndikufuna ubwerere kunyumba, osati chifukwa cha kuphika. Ndikukufuna iweyo."

Anthu a m'basi anawomba m'manja, wina anaimba mluzu, a Mapapo anayambiranso nyimbo yawo pakreti paja. Mpongozi anabisa nkhope m'manja, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka anatsika, ndi pamene ndinaona kuti akuchita zonse ziwiri. Kondakitala anatsitsa sutikesi. Mtsikana anawerama kuti ainyamule, koma aneba anamumenya padzanja.

"Siya. Ndinakulongedzetsa ndine, ndinyamula ndine."

Inali yolemera, ndipo anapuma kanayi tisanafike pamsewu. Sanalole aliyense wa ife kuigwira.